Woyankha wa M'chimbale Choyamba

Gulu loimba la Dzimbiri litatulutsa chimbale chachiwiri, anthu a ku Chilumba anachilandira mwaulemu ndithu. Ankachimvera mpaka kumapeto, nkugwedeza mutu, nkunena kuti chili bwino. Kenako ankabwerera ku choyamba. Woimba aliyense angakuuzeni kuti kuli bwino akutukwane kusiyana ndi kukuuza kuti "chili bwino" ndi nkhope yopepesa maliro.

Gululi linali la anthu atatu, ndipo linalibe kampani kapena bwana wolilamula. Keziya ankaimba ndi kuliza gitala ya bezi. Gregory, mwana wa msilikali amene anabwera ku balaki ali wamng'ono kuchokera ku Dedza, ankaliza gitala yamagetsi. Ambokile, mlimi wa chinangwa wa ku Vinthukutu, ankamenya ng'oma. Nyimbo zawo zinali zija achinyamata amazitcha roko, pamene akuluakulu amangoti phokoso. Chimbale choyamba, Fumbi, anakachijambulira m'kasitudiyo kotentha ku Karonga boma. Chachiwiri, Magalasi, anachijambulira ku Lilongwe, m'chipinda chozizira chokhala ndi kapeti mpaka m'makoma.

Ku Lilongweko ndi kumene vuto linabadwira. Ambokile ali ndi chizolowezi chothamanga. Nyimbo imayamba ikuyenda, pofika pakati ikupita ndawala, pomaliza aliyense ali wefuwefu. Mwini situdiyo anapirira masiku angapo, kenako anafufuta ng'oma zonse za Ambokile nkuikamo za pakompyuta, zosaphonya, zosatopa. Gregory anazikonda kwambiri. Tsopano ankafuna kuti ngakhale pa zoimbaimba azigwiritsa ntchito kompyuta yomweyo, Ambokile apume.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero Gregory. "Ine mbali yanga ndanena. Iyeyu sanena kanthu, ukumudziwa. Ndiye watsala iwe, Keziya. Loweruka pa pulakatisi utiuze."

Zoti Ambokile sanena kanthu zinali zoona. Anali wachibwibwi chachikulu, ndipo kuyambira ali mwana anaphunzira kuti kukhala chete kumamupulumutsa kwa anthu oseka. Keziya ankamumvera chisoni, koma chisoni sichisunga nyimbo pa liwiro lake. Mumtima anali atapendekera kale kwa Gregory, ndipo zimenezo zinkamuchititsa manyazi.

Lachinayi anapita kukalukitsa tsitsi kwa mlamu wake Fainess. Munthu akagwidwa tsitsi sathawa, ndipo Fainess ankadziwa zimenezo.

"Mlamu, chimbale chatsopanochi nchabwino chomene," anayamba Fainess, chipeso chili kukamwa. "Koma mwanalume yula munamuchotsa chifukwa chiyani?"

Keziya anadzidzimuka. Anaganiza kuti nkhani ya Ambokile yatuluka kale.

"Ng'oma zilimo, mlamu. Zangosintha kamvekedwe."

"Yayi, sindikunena ng'oma ine. Ndikunena uja amakuyankhani. Wamawu akuluakulu, ngati akuimbira mumgolo."

"M'gulu mwathu mulibe mwamuna woimba. Gregory akatsegula pakamwa nkhuku zimathawa."

"Ndiye ine ndapenga? Inu mukati, 'Ndikagwa pamsewu adzanditola ndani?' iye amati, 'Nilipo, nilipo.' Tonse muno timadikira pomwepo. Chatsopanochi mumangofunsa, kufunsa, wokuyankhani palibe. Chimandimvetsa chisoni ngati mayi woitana mwana kudambo."

Atsikana awiri amene ankadikira pabenchi anavomereza, mmodzi mpaka anaimba kamzereko ndi mawu okhuthala, onse nkuseka. Keziya sanaseke. Nyimboyo anailemba yekha. Pambuyo pa funsolo pamabwera gitala ya Gregory, basi. Anaimvera kambirimbiri pa kompyuta yake ndipo munalibe "nilipo" aliyense. Anapempha Fainess kuti amuyimbire pa foni, koma foni inali itapita ndi mwamuna wake kumunda.

"Munaitenga kuti nyimboyo?"

"Kwa Issa, kumene aliyense amatenga. Inu mumaganiza tili ndi bandulo yotsitsira za pa intaneti?"

Apa ndiyenera kuulula khalidwe lina la Keziya, chifukwa wina angafunse kuti zinatheka bwanji munthu osamva nyimbo yake yomwe m'tauni yakwawo. Choyamba, Fumbi litangotuluka iye anapita kusukulu ya uphunzitsi ndipo ankabwera pa holide pokha. Chachiwiri, Keziya amadana ndi kudzimva pagulu. Akamva bezi yake ikuchokera m'shopu kapena m'minibasi, amawoloka msewu nkuyamba kuyang'ana tomato amene sakumufuna. Zimene ankamva patali zinkamveka zokhakhala, koma ankati ndi masipika a anthu, poti ambiri mwa iwo anaphulika kalekale.

Tsiku limenelo sanawoloke msewu. Tsitsi litatheka mbali imodzi yokha, anamanga duku nkulunjika kwa Issa. Chidwi chinali chitamugwira. Kodi pali munthu amene anatenga nyimbo zawo nkuimbamo pamwamba? Kapena ndi Issa mwiniyo, wayamba kudziyesa woimba? Ali m'njira anayesa kumuganizira Issa akuimba roko atavala mkanjo wake wopitira kumzikiti Lachisanu, ndipo anaseka yekha.

Issa anachokera ku Mangochi zaka zambiri zapitazo. Shopu yake ndi kachipinda kodzaza ndi machaja, mabatire ndi zikuto za mafoni, ndipo pakona pali kompyuta yakale imene amathirira anthu nyimbo m'mamemore khadi. Atamuona Keziya anaimirira.

"Chemwali a Dzimbiri! Lero mwalowa? Ine ndimangokuonani mukuthawa kutsidya uko ngati ndili ndi chifuwa."

"Achimwene, ndiikireni Fumbi. Lomwe mumapatsa anthu."

Issa anamupatsa zomvera za m'makutu, nkudina.

Poyamba panamveka mpando ukukhululuka pa simenti. Kenako tambala, patali. Kenako mawu a Gregory: "Tiyambirenso, tiyambirenso." Keziya anazindikira malowo nthawi yomweyo, ngati fungo. Munali m'shedi yakale yosungiramo mpunga momwe ankachitira pulakatisi. Ichi sichinali chimbale cha ku situdiyo ayi. Anali mapulakatisi a sabata yomaliza asanapite ku boma, nyimbo zomwezo, mndandanda womwewo, zojambulidwa pa foni.

Ndipo foniyo inaikidwa pafupi ndi ng'oma, chifukwa ng'oma zinali pamphuno penipeni. Gitala inali cha uko. Mawu a Keziya ankamveka ngati akuchokera kuseri kwa nyumba, ang'onoang'ono koma omveka. Anadzimva akufunsa funso lake lija, adzanditola ndani, ndipo pompo, pafupi ndi khutu lake, mawu a mwamuna anayankha, akuya, osalala, opanda pogwira paliponse:

"Nilipo, nilipo."

Tsitsi la mbali yosalukidwa ija linamuimirira. Mawuwo ankawadziwa ndipo sankawadziwa. Anali asanawamvepo akuyenda mtunda wautali chotero osapunthwa.

"Izi munazitenga kuti?" anafunsa, atachotsa chomvera chimodzi.

"Kwa achimwene anu a ng'oma. Anabwera ndi foni yosweka galasi. Ine ndinamva kuti mwatulutsa chimbale, ndiye ndinawafunsa ngati chili m'fonimo, ndipo ngati ndingapatseko anthu. Iwo anayesa kulankhula, mawu anakana, mapeto ake anangogwedeza mutu. Ndinapeza pamene panalembedwa Fumbi, ndinakopa. Bwanji, ndinalakwitsa?"

"Chimbale chenicheni si chimenechi."

Issa anagwira pakamwa. "Astaghafirullah! Ndiye chimenechi chafika mpaka ku Songwe, chemwali. Madalaivala amachifuna ndi dzina. Amati tiikireni cha nilipo."

Keziya anakhala pa kabenchi nkumvera chonse, nyimbo ndi nyimbo, Issa akugulitsa machaja pamwamba pa mutu wake. Ankafuna kudziwa ngati zinangochitika kamodzi. Sizinali choncho. Paliponse pamene iye anasiya mpata, Ambokile analowapo. Pa nyimbo ya basi yomusiya munthu pa siteji, iye akati "ndatsala ndekha," mawu aja ankati "yayi, yayi." Pena sankanena mawu, ankangong'ung'udza pansi pa mawu ake ngati munthu wochirikiza mtolo kumbuyo. Anazindikiranso chinthu china chimene chinamuseketsa ndi kumuwawa nthawi imodzi: Ambokile ankathamanga pamalo pomwe ankayankha. Funso likayandikira, ng'oma zinkafulumira, ngati munthu amene wamva kuitana ndipo akuthamangira kukhomo.

Zaka zonsezi iye ankaima kutsogolo, msana ataulozetsa ku ng'oma, sipika ya gitala ikumuboola khutu. Nyimbo za Fumbi anazilemba chaka chimene bambo ake anamwalira, pamene ankaona ngati dziko lonse lamutembenukira msana. Ankafunsa mafunso amenewo akukhulupirira kuti palibe woyankha. Chilumba yense ankadziwa kuti yankho lilipo, kupatula iye.

Loweruka kunatentha kuyambira m'mawa. M'shedi muja malata ankalira okha. Gregory anafika ndi laputopu m'chikwama, ataikonzeka kale. Ambokile anafika pa njinga, ndodo zake zomenyera ng'oma zili m'thumba lakumbuyo, ndipo sanazitulutse. Anakhala pa thumba la mankhusu, maso pansi, ngati munthu wodikira chigamulo chimene akuchidziwa.

"Tisanalankhule, mverani ichi," anatero Keziya. Analumikiza foni yake ku sipika.

Mpando unakhululuka. Tambala analira. Gregory anakwinya nkhope atamva mawu ake omwe.

"Zinyalala zimenezi wazitenga kuti?"

"Chimenechi ndiye chimbale chathu choyamba, Gregory. Chimene anthu ali nacho. Chija tinavutika nacho ku boma chili ndi iwe ndi ine basi. Khala chete umve."

Funso linabwera, yankho nkutsatira. Gregory anatsegula pakamwa, nkuyang'ana sipika, nkuyang'ana Ambokile, nkuyang'ananso sipika.

"Ndani ameneyu? Iwe? Aise, ndiwe?"

Ambokile anali ataphimba nkhope ndi manja onse awiri. Makutu ake okha ankaoneka. Keziya anaganiza kuti mwina akuseka, koma atachotsa manja anaona kuti ndi manyazi, manyazi aakulu a munthu amene amupeza akusamba. Zinaoneka kuti iyenso anali asanadziwe kuti mawuwo amatuluka kunja. Ankayesa kuti amaimba mumtima.

"Pe-pe-pepani," anatero, nsagwada zikulimbana naye. "Nda-ndaononga. Ndi-ndi-ndipita."

Anaimirira nkuyamba kulowera kumene anaimika njinga.

Gregory anayang'ana Keziya, atatambasula manja, ngati akuti nanga tsopano. Gregory sanali munthu woipa. Ankangofuna nyimbo zoyenda mowongoka, ndipo Magalasi linalidi chimbale chowongoka, choyera, chomveka liwu lililonse. Keziya anachikonda, ndipo ankachikondabe. Koma tsopano ankachimva monga anachimvera Fainess: mkazi akuitana m'nyumba yokongola yopanda anthu.

Anafuna kumuitana Ambokile, kumuuza kuti asapite, kuti iye wasankha. Koma ankamudziwa. Mukamulankhula, amayenera kuyankha ndi mawu olankhula, ndipo mawu amenewo ndi amene amamugwetsa. Akanangogwedeza mutu mwaulemu nkukwera njinga.

Choncho Keziya anazimitsa sipika. Sanatenge bezi, sanayatse maikolofoni. Anatembenuka, kwa nthawi yoyamba chiyambire gululi, nkuyang'ana kumene kumakhala ng'oma. Anaimba ndi mawu ake okha, m'shedi yotentha yonunkha mankhusu, nyimbo ya m'chimbale chatsopano, imene Ambokile anafufutidwamo:

"Ndagogoda, ndagogoda, kodi muno muli anthu?"

Pa chimbale, pamenepa pamabwera ng'oma za kompyuta, zinayi zolingana bwinobwino. Keziya sanapitirize. Anasiya mpatawo uli chitsegukire, ndipo anadikira. Gregory anagwira zingwe za gitala kuti zisalire.

Ambokile anali ataima pakhomo, dzanja limodzi pa chishalo cha njinga, msana uli kwa iwo. Keziya anaona zala zake zikuyamba kugunda chishalocho, pang'onopang'ono, kenako mofulumira, mofulumira ndithu kuposa mmene nyimboyo imayendera.

"Tilimo," anaimba, osatembenuka. "Tilimo, njira." Njira, m'chiyankhulo cha kwawoko, ndiye kuti lowa.

Keziya anakoka maikolofoni yake ndi chingwe chake chonse, nkukaiimika pambali pa ng'oma.