Chopanda Mamba

Sabata ndinalitaya mwezi woyamba nditafika ku Doha. Kontirakiti sidziwa Loweruka. Nditawauza amayi pafoni, iwo amene sanajombepo ku tchalitchi cha Adventist ku Makwasa, anati, "Tsiku akulanda, Grayson, koma pakamwa ndi pako. Cha m'madzi chopanda mamba usadye." Ndinalonjeza. Pa zonse zomwe anandiphunzitsa, chinatsala ndi chimenechi.

Zaka zitatu ndinkatsuka timadengu ta nsungwi mu lesitilanti ya zakudya za Chitchaina ku Bin Mahmoud, ndipo kusinki palibe amakufunsa zomwe umadya. Mavuto anabwera ndi mwayi. Atandikweza kukhala woperekera zakudya, ndinapeza lamulo lakuti chilichonse cholembedwa pamenyu uchilawe, kuti kasitomala akafunsa usamangoti kukamwa yasa.

Cassim, mnzanga wa ku Machinga amene timagona chipinda chimodzi ku Umm Ghuwailina, ndiye ankandilawira, ine n'kumaloweza mawu ake ngati vesi. Zinayenda masabata asanu. Koma mayi wamkulu wa kukhitchini ali ndi maso kunkhongo. Lachisanu masana, tisanatsegule, anaika kadengu patsogolo panga n'kuvundukula. Munali timadampuling'i titatu, timipira ta ufa tophikidwa ndi nthunzi, khungu lake lopyapyala moti maproni, tizilombo ta m'nyanja topanda mamba, ankaonekera mkati pamodzi ndi timasamba tobiriwira tonga ta anyezi.

"Idya ndikuona," anatero m'Chingerezi chake chachidule. Sanali wankhanza ayi. Anadzuka m'mawa kupinda timeneti ndi zala zake, ndipo ankangofuna kuti wokapereka adziwe chomwe wanyamula.

"Yalla, fulumira aise, ingomeza," Cassim anandinong'oneza. "Ukapanga refuse akubweza kusinki, khalas, zathera pomwepo. Mwinanso ku airport."

Ndinatola kamodzi ndi timitengo tiwiri todyera. Ndinkayembekezera nseru. Kunena zoona ndinkaipempherera, chifukwa ndikanasanza bwenzi ndili ndi chomuuza Mulungu. Koma khungu lija linasungunuka, msuzi wotentha unadzaza m'kamwa, nyama yake yotsekemera ikuthetheka pang'ono m'mano. Chibadwire sindinadyepo chokoma chotero. Ndinazindikira kuti maso anga ali kale pa kachiwiri, ndipo ndinadzida.

"Wakaona bwanji?" mayi uja anafunsa.

Ndinamuuza, ndi mawu angaanga. Anagwedeza mutu n'kubwerera ku mapoto ake. Ntchito ndinaisunga.

Lachisanu lililonse amayi amaimba foni dzuwa lisanalowe kwathu, kuti tilandirire limodzi Sabata lomwe ine sindisunga. Tsiku limenelo ndinakayankhira kuseri, pafupi ndi mabini, yunifolomu yatsopano itanyowa ndi thukuta. Anandiuza za mvula, za mwendo wawo, za mbuzi ya aneba. Kenako funso lawo la masiku onse linafika.

"Wadya, mwananga?"

"Ndadya, amayi."

"Wadya chiyani?"

"Nsomba."

"Ya mamba?"

Kukoma kuja kunali kudakali palilime.

"Ya mamba, amayi."

Anaseka kaphwete kawo kaja. "Ndimangofunsa mwachizolowezi. Ndimawauza azimayi anzanga kuti wanga ngakhale ali kutali sanandinamizepo. Tseka maso tipemphere."

Anayamba kupemphera. Ine maso sindinatseke.