Dzanja Lamanzere la Jenerale

Bambo anga anali wozokota masitampa, ine wojambula. Ndinkajambula chithunzi papepala, iwo n'kuchizokota pakachitsulo kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo kachitsuloko ndiko kankabala masitampa onse amene anthu ankanyambita ku positi ofesi. Tinkagwira ntchito m'chipinda cham'mwamba mwa nyumba yosindikizira, tilipo atatu ndi mdala wina amene tinkangomutchula kuti a Malembo, chifukwa iwo ankazokota mawu ndi manambala basi.

Ntchito imeneyi ili ndi khalidwe lake. Chimene wazokota pachitsulo chimatuluka chotembenuka papepala, chakumanja chimapita kumanzere. Ndiye Bambo ankaimika chithunzi changa patsogolo pa galasi, n'kumazokota zimene akuona m'galasimo. Anachita zimenezi zaka makumi atatu, mpaka manja awo ankaimika okha pepala pagalasi, mutu uli kwina.

Chaka china anatilamula kupanga sitampa ya Jenerale, amene ankalamulira dziko, akupereka kiyi wa nyumba kwa mayi wamasiye. Maso a Bambo anali atayamba kufooka, ndipo galasi lija linkawapweteketsa mutu. Ine n'kuti ndiwathandize. Ndinakhala masiku awiri ndikujambula chithunzicho chotembenuza kale, kuti angokopera osavutika ndi galasi.

M'mawa umene ndinabwera nacho, ndisanatsegule n'komwe pakamwa, anachiyang'ana kamodzi n'kutsonya.

"Tsabola, makutu awa ndi a munthu kapena zogwirira za poto?"

Dzina la Tsabola anandipatsa okha, ndipo sanalakwitse. Mtima wanga suchedwa kuwira. Masiku awiri ndikudzipha chifukwa cha maso awo, iwo akuona makutu. Ndinachiponya patebulo pawo, ndinamenyetsa chitseko, ndinapita. Sabata yonse sindinawalankhule. Pamene tinayambanso kuseka, nkhani ya kutembenuza inali itachoka m'mutu mwanga, ndipo Bambo anali atachiimika kale pagalasi monga mwa masiku onse.

Musandifunse kuti bwanji sitinaone. Tinayesa kudinda kasanu konse. Koma ife tikagwira pepala timayang'ana mizere: kodi yakuya bwino, kodi mthunzi wa pachibwano wakhala? Mabwana a positi nawo anasaina akuyamikira mabatani a yunifomu. Anthu a pamzere ku positi ofesi ndi amene anaona, tsiku loyamba lomwe. Jenerale ankapereka kiyi kwa wamasiye ndi dzanja lamanzere, ngati akuponyera galu fupa. Tauni yonse inaseka chobisa kukamwa.

Lachitatu cha m'ma teni tinamva nsapato zolemera pamasitepe. Analowa asilikali anayi ndi kaputeni wawo, munthu wamfupi wonunkhira sopo. Sanapereke moni. Msilikali wina anasesa tebulo la a Malembo ndi mfuti, mabotolo a inki n'kusweka pansi. Mdalayo atati atole magalasi ake amaso, anamumenya ndi thako la mfuti pakamwa. Mano awiri anagwera mu inki, ndipo anakhala pansi atagwira kukamwa, magazi akudutsa pakati pa zala.

Kaputeni anaika sitampa patebulo la Bambo n'kuipanikiza ndi chala.

"Wapanga ichi ndani?"

Bambo anavala kagalasi kawo ka m'diso, n'kuwerama. Anayang'ana sitampa, anayang'ana chithunzi changa chimene chinali chidakali chotsamira pagalasi, kenako anayang'ana ine. Kamphindi chabe. Ndinadziwa kuti amvetsa zonse.

"Ndine, bwana," anatero. "Ndinazokota ndine."

"Nanga wojambula?"

Ndinaimirira. "Bwana, chithunzicho ndinachi..."

Sindinamalize. Bambo anadumpha n'kundiwomba mbama imene inandigwetsera pa kabati ya mapepala. Khutu linalira, mlomo unang'ambika. Chibadwire anali asanandikhudzepo ngakhale ndi kamtengo.

"Khala chete, chitsiru iwe," anakalipa. "Akuluakulu akulankhula. Bwana, uyu ndi mwana wanga, amangosongola mapensulo ndi kutiphikira tiyi. Angajambule chiyani ameneyu? Chithunzi ndinajambula ndekha, kuzokota ndekha."

Kaputeni anatembenukira kwa a Malembo. "N'zoona, mdala?"

A Malembo anagwedeza mutu kuvomera, magazi akudontha pachibwano. Ine ndinali pansi, nditagwira tsaya, ndipo ndinakhala chete. Ndinene mosabisa: mbama ija sinanditseke pakamwa. Anali mantha. Ndikanatha kukuwa, koma ndinayang'ana manja anga n'kuwabisa m'khwapa.

Pakona pa tebulo la Bambo panali chopanira chachitsulo, chimene tinkamangirapo tizitsulo tikamatipala. Kaputeni anachizungulitsa pang'ono, ngati munthu amene akusankha katundu pamsika.

"Poti mumakonda lamanzere, mdala, tikusiyirani lomwelo."

Awiri anawagwira m'mapewa, wachitatu analowetsa dzanja lawo lamanja m'chopaniramo. Bambo sanalimbane nawo. Anangopempha kuti ndituluke, kaputeni n'kukana. Wachinayi anayamba kupotokola chogwirira. Poyamba Bambo analuma mano. Kenako ndinamva mafupa akuthetheka ngati nkhuni zouma, ndipo anakuwa mawu amene sindinadziwe kuti angatuluke mwa munthu. Msilikali uja anaima, nkhope itachita thukuta, koma kaputeni anati, "Ndakuuza kuti usiye?" Anapotokolanso kawiri. Magazi anayenderera patebulo mpaka kunyowetsa chithunzi changa.

Atamasula, Bambo anagwa chagada. Kaputeni anapukuta nsapato yake ndi nsanza yathu ya inki.

"Sitampa yolondola ikhale itatuluka mwezi uno usanathe. Amene azokote ndi nkhani yanu."

Pomwepo anatola galasi lija n'kuliswa pamutu pa a Malembo, popanda chifukwa chilichonse, n'kutsika masitepe.

Kuchipatala anadula zala zitatu. Ziwiri zotsalazo zinauma ngati zikhadabo za nkhuku. Masiku anayi ndinkawamwetsa ndi supuni, ndikulephera kuwayang'ana kumaso. Ndinkadzida, ndipo ndinkawakwiyira iwonso, chifukwa anandilanda mlandu wanga osandifunsa. Tsiku lachisanu ndinalephera kupirira.

"Bambo, chithunzi chija ndinachitembenuza ndine. Ndinkafuna kukuthandizani maso, koma nditapsa mtima sindinakuuzeni."

"Ndikudziwa."

"Nanga munalekeranji kuti ndinene? Dzanja lija linali langa."

"Langa linali litagwira kale ntchito zaka makumi atatu," anatero. "Maso nawo akupita. Lako lili ndi zaka zingati? Usandivute, Tsabola, ndipatse madzi."

Anamwa, n'kundiyang'anitsitsa patsaya, pamene panali padakali potupa.

"Makutu aja analidi oipa," anatero. "Koma mbamayi ndinaonjeza."

Sitampa yolondola ndinazokota ndine. Ndinali ndisanagwirepo kampeni kozokotera kupitirira kuseweretsa, koma Bambo anakhala pambali panga masiku makumi awiri, dzanja lili m'bandeji, akundiuza pozamitsa ndi popepuza, akunditukwana ndikatsetsereka. A Malembo anazokota mawu awo ali ndi chilonda pamphumi. Jenerale anatuluka bwino, akupereka kiyi ndi dzanja lamanja, akumwetulira. Anthu ankati ndi sitampa yokongola kwambiri, ndipo ine ndikaiona pa envulopu ndimayang'ana kumbali mpaka lero.

Bambo anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Anaphunzira kumanga mabatani ndi kudya ndi lamanzere, ndipo akamalandira chinthu kwa mlendo ankapepesa kaye. Ine ndikuzokotabe m'chipinda chomwe chija, zala zanga khumi zili zonse. Chopanira ndinachitaya. Anthu akandifunsa za ntchito yomaliza imene dzanja la Bambo linagwira, ndimawaonetsa sitampa ija yamanzere, chifukwa ndi imene akufuna kuona. Koma si imeneyo. Ntchito yomaliza inali mbama ija, ndipo kukazizira khutu limeneli limalirabe.