Nkhwangwa Itsike pa 34

"Usakhudze batani limenelo," anatero bambo aang'ono ataima pakhomo la chipinda cha malemu, kapu ya tiyi ili m'manja.

Mtsikanayo sanachotse dzanja pakiyibodi. Aliyense ankamutchula Nkhwangwa, ngakhale amayi ake omwe, chifukwa mu gemu ya pakompyuta imene bambo ake anapanga ndi mng'ono wawoyu sankagwira chida china. Panali patatha masiku anayi chiikireni maliro a bambo akewo, ndipo m'mawa umenewu ndi pamene analimba mtima kuyatsa kompyuta yawo.

Ntchito ya malemu inali yosaoneka. Bambo aang'ono ankajambula zinjoka ndi malinga, anthu n'kumawaombera m'manja. Mkulu wawo ankangolimbana ndi manambala: lupanga liteme mwamphamvu bwanji, muvi ufike pati, wamatsenga apume masekondi angati asanaponyenso moto. Akalakwitsa pang'ono, osewera onse ankaunjirira chida chimodzi ngati ntchentche pachilonda, zinazo n'kusanduka zokongoletsa. Lolemba ankatukwanidwa ndi a lupanga, Lachiwiri ndi a uta, iwo n'kumaseka kuti onse akadandaula mofanana ndiye kuti ntchito yayenda.

Pasikirini panali kusintha kumodzi kumene anakonza koma sanathe kutumiza kwa osewera. Mphamvu ya nkhwangwa itsike kuchoka pa 40 kufika pa 34. Chonsecho Loweruka kunali mpikisano waukulu umene mwana wawo yemweyo anaukonzekera chaka chathunthu.

"Tikudziwa ndife tokha," anatero bambo aang'ono motsitsa mawu. "Sewera Loweruka, utenge chikho, Lolemba tidzatumiza. Walira mokwanira, mwananga."

"Ndiye anthu azinena kuti nkhwangwa ikutema chonchi chifukwa ndi ya mwana wa mwini gemu?"

"Akunena kale! Pakamwa pa anthu ungapatseke iwe?"

Amayi analowa atanyamula malaya a malemu opindapinda, zonse atazimvera pakhonde.

"Bambo ako sanakukonderepo ngakhale tsiku limodzi," anatero. "Uli kamwana ankakugonjetsa osaphethira, iwe n'kumalira, iwo n'kumalemba m'kope. Lero ife tikukondereko, chalakwika n'chiyani?"

Mawuwo anamulasa chifukwa anali oona. Mtima unamupsa, ndipo anachita manyazi kupsera mtima munthu amene wangoikidwa kumene. Kwa wosadziwa, 40 ndi 34 n'zoyandikana. Kwa iye zinatanthauza kuti mdani wachishango, amene ankagwa ndi kutema kutatu, tsopano afunika kumutema kanayi, ndipo nkhwangwa yolemerayo isanatsike kachinayi, wa uta amakhala waponya kale mivi iwiri. Zala zake zinazolowera kuwerenga mpaka patatu basi. Bambo ake ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense, pakuti ankaima kumbuyo kwa mpando wake akamayeserera, chete, manja m'thumba.

"Ndione kaye chifukwa chake," anatero Nkhwangwa. "Adadi sankasintha kanthu osalemba chifukwa."

Anatsegula zolemba za pansi pa nambalayo. Munali nkhondo makumi asanu ndi limodzi, iliyonse ndi tsiku lake, ndipo zonsezo zinali zake. Apa wachishango anagwa asanakweze n'komwe mkono. Apa wa uta sanapeze mpata. Apa sing'anga wa adaniwo analibe munthu woti achize, onse atatha kale. Anatsika nazo pang'onopang'ono, milomo italumana, mpaka mzere womaliza. Umenewo anauwerenga mokweza.

"Nkhwangwa itsike pa 34. Mwanayu adzakwiya masiku awiri, kenako adzapeza njira. Chimene chimapambana ndi dzanja lake, osati 40. Ndikufuna anthu aone zimenezo."

Bambo aang'ono anaika kapu pawindo n'kumayang'ana kunja, ngati mumsewumo mukudutsa chachilendo. Amayi anakhala pansi, malaya aja atawakumbatira.

"Munthu ameneyu," anatero, akupukusa mutu. "Kungokuuza pamaso kukanamulemera chiyani?"

Nkhwangwa anaseka, misozi ikutsika.

"Masiku awiri? Anandichepetsa. Ine ndikwiya mpaka Lachisanu."

Anadina batani. Kamzere kobiriwira kanayenda mpaka kumapeto, osewera onse n'kulandira nkhwangwa yatsopano. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kukokera mpando wina pafupi.

"Khalani apa, bambo aang'ono, mutenge chishango. Ndipo musandimvere chisoni. Ndikufuna ndiphunzire kuwerenga mpaka kanayi."