Mkamwini ndi Agalu Anayi

Amawotchi anasiya kukonza mawotchi manja atayamba kunjenjemera, koma maso awo anali akadali akuthwa. Mwana wawo wamkazi ataona kuti akungoswera pakhonde, anawagulira magalasi oonera kutali, ndipo basi, nkhalamba inayamba kuona mbalame. M'mawa uliwonse ankapita ku paki ya kumapeto kwa msewu wawo, kabuku ndi pensulo zili m'thumba la jekete, n'kukakhala pa benchi yachitsulo yoyang'ana dziwe. Pabenchipo ankapezana ndi anzawo awiri: mayi wina amene kale anali namwino, ndi bambo wamtali amene ankaphunzitsa masamu, munthu wa mtima wapachala.

Mwezi umenewo bakha wakutchire anali ataikira mazira m'bango la tsidya lina la dziwe, pafupi ndi kanjira kamene anthu oyenda ndi agalu ankakonda kudutsa. Galu akangonunkhiza bangolo, bakha ankauluka n'kusiya mazira pamphepo.

"Taonani uyo!" anatero aphunzitsi tsiku lina. "Munthu mmodzi agalu anayi, ngati akumukoka pa ngolo. Ndi ameneyu akutithamangitsira bakha."

Amawotchi anakweza magalasi awo. Anayamba aona agalu: awiri akuluakulu akuda, wina waubweya ngati nkhosa, ndi kena kakafupi miyendo. Kenaka anatsatira zingwe mpaka pa dzanja, dzanja mpaka pa nkhope. Anali mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo uja, amene aliyense kubanja ankadziwa kuti nthawi ngati imeneyo amakhala mu ofesi ya inshulansi atamanga tayi. Apa anali atavala nsapato zothamangira zakutha, timapepala ta pulasitiki totolera ndowe za agalu tikusuzumira m'thumba.

"Mukumudziwa kapena?" anafunsa anamwino.

"Ine ndimayang'ana kakowa uyo," anayankha Amawotchi.

Sabata yonse anamuona, osanena kanthu. Anaona kuti agaluwo amamumvera. Akaima, iwonso ankaima. Kakafupi kaja kakatopa, ankakanyamula m'khwapa ngati mwana. Lamlungu mkamwiniyo anabwera ndi mkazi wake kudzacheza, malaya ali ositidwa bwino, ndipo Amawotchi anamufunsa za mvula, za denga lodontha, za chifuwa cha mdzukulu. Za kuntchito sanafunse.

Lolemba bakha anaulukanso. Aphunzitsi anadzambatuka. "Lero ndimuuza zoona. Akapanda kumva, ndikalemba kalata kwa oyang'anira paki kuti agalu asamalowe muno."

"Khalani pansi, achimwene," anatero Amawotchi. "Inu mukalankhula, ndi mbalame zomwe zisamuka. Ndipita ine."

Anazungulira dziwelo pang'onopang'ono, akuponda udzu wa mame. Mkamwini anawazindikira atatsala pang'ono kufika. Anayang'ana uku ndi uko, koma munthu wogwira agalu anayi alibe kobisala. Anavula chipewa.

"Bambo, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, kaya inu akamwini?"

"Ndadzuka. Bambo, ofesi ija anatseka. Patha miyezi itatu. Ndinafunsira kwina konse, koma zii. Ndiye mayi ena oyandikana nafe anathyoka mwendo, n'kundipempha kuti ndiziwayendetsera galu. Anzawo ataona, nawonso..." Analoza agaluwo ndi chibwano.

"Mkazi wanu akudziwa?"

"Akudziwa. Wakhala akundiuza kuti ndikuuzeni. Ine manyazi, bambo. Munapereka mwana wanu kwa munthu wa tayi."

"Ndinamupereka kwa tayi kodi?" Amawotchi anaseka pang'ono. "Ine ndakhala moyo wanga wonse ndikuchotsa litsiro m'mawotchi a anthu. Thukuta la pamkono wa munthu wosamudziwa, akamwini, si mafuta onunkhira. Koma zimenezo tikamba tsiku lina. Lero ndabwerera bakha."

"Bakha?"

"Bweretsani zingwezo. Gwirani magalasi awa. Yang'anani pamene bango lagwera m'madzi, kenaka mukweze pang'ono."

Mkamwini anazengereza, koma anapereka zingwe. Agalu atamva kuti dzanja lasintha, anakoka onse pamodzi, ndipo Amawotchi anapita mapazi atatu osafuna. Mkamwini anangoliza kakhweru kamodzi, osachotsa maso pa magalasi, agalu onse n'kukhala pansi.

"Ndawaona!" ananong'ona. "Mazira. Asanu... ayi, asanu ndi limodzi. Ndiye ine ndakhala ndikudutsa pompano tsiku ndi tsiku?"

"Mayi wake akauluka kawirikawiri, mazira amazizira. Atsala ndi masabata awiri kapena kuposerapo pang'ono. Mungamadzere kanjira ka kumtunda, ka kuseri kwa mitengo ija?"

"Kumeneko kuli dzuwa, ndipo wakuda wamkuluyu ndi wokalamba, amapuma movutika. Kuno timabwerera madzi ndi mthunzi."

Amawotchi anaganiza. Zimenezi pabenchi paja palibe anali ataziganizirapo. "Chabwino. Mukadzera kumtunda muzitsikira kumbali kwathu. Pali mpopi, mthunzi uliponso. Ife tisendeza miyendo."

Atabwerera pabenchi n'kufotokoza, aphunzitsi anatukula nsidze. "Agalu pabenchi pathu? Munthu ameneyu mwamukhulupirira bwanji?"

"Ndi mkamwini wanga."

Anamwino anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ndiye kakowa uja ameneyu?"

Kuyambira tsiku limenelo mkamwini ankadzera kumtunda, ndipo anauzanso ena oyenda ndi agalu. Ambiri anamvera, kupatula bambo wina wa galu woyera amene ankati paki ndi ya aliyense. Ameneyo anamwino anamulankhula okha, ndi mawu aja ankalankhulira odwala okana jekeseni. Aphunzitsi anang'ung'udza masiku atatu, kenaka anazolowera, ngakhale kuti ankakweza mapazi galu waubweya uja akamayandikira.

Mazira anaswa Lachinayi lina kuli mitambo. Anapiye anatuluka asanu, dzira limodzi linasukusa. Anthu anayi ndi agalu anayi anaonerera ali chete, tianapiye tikutsatira mayi wawo m'madzi, magalasi akuyenda dzanja ndi dzanja.

Pobwerera, Amawotchi anayenda limodzi ndi mkamwini wawo mpaka pa geti lobiriwira pamene ankasiya galu woyamba. Mkamwini anapempha kuti amugwirire zingwe zinazo, analowa, anathira madzi m'mbale ya galuyo, n'kutuluka akupukuta manja pa buluku.

"Bambo, Lamlungu ndiwauza ndekha amayi kunyumba kwanu."

"Mwaganiza bwino," anatero Amawotchi, akumubwezera zingwe. "Koma mudzawauze chakudya chili pamoto. Akamva atakhuta, apongozi anuwo adzakufunsani mafunso mpaka dzuwa kulowa."