Mbali ya Kuphompho

Sarnai anali atanyamula kale chishalo cha bambo ake pamene anaona nsalu yabuluu m'khosi mwa kavalo wofiirira. Anangoti chilili, chishalo chili m'manja.

"Amayi! Mwachita chiyani apa?"

Mayi Dolgor anatuluka m'chihema akupukuta manja. Chiikireni amuna awo m'manda, maso awo anali asanaphwe.

"Ndachita zimene zimachitika. Kavalo wa malemu akamangidwa nsalu sakweredwanso, sagulitsidwa, sametedwa. Azingodya msipu mpaka tsiku lake."

"Koma lero, amayi? Alendo ali m'njira! Akavalo enawa amatsatira ameneyu. Simukanadikira mawa?"

"Mawa mchimwene wako akanamukweza lole."

Mchimwene wakeyo, Temuulen, anamva zonse ali chikhalire pa chitsa, akumwa tiyi wamkaka wothira mchere. Kumaliro anabwera kuchokera kumzinda wa Ulaanbaatar atavala nsapato zoti sizinapondepo ndowe, ndipo anthu atangobalalika ananena maganizo ake mosapsatira: akavalo agulitsidwe, amayi akakhale naye m'tauni. Ntchito yoyendetsa alendo pa akavalo m'paki ya Terelj, iye ankati, inali ya abambo ndipo yapita nawo. Wogula anali atapezeka kale, mwini lole wina wosaugwira mtima amene ankangoimbaimba foni.

"Asiye amayi," anatero Temuulen. "Unati ntchitoyi uitha. Chabwino, ndipita nawe ndikaone ndi maso angawa. Mlendo mmodzi akangogwa, wa lole uja ndimuyankha."

"Mupita, achimwene? Mukukumbuka komwe kuti kavalo amakwerera mbali iti?"

"Pakamwa ndiye uli napo. Tikaonana paphompho paja."

Apo anamulasa Sarnai penipeni. Njira ya alendo imadutsa m'mitengo n'kukwera phiri, kenako imafika pamene mbali imodzi ndi thanthwe, inayo ndi phompho lotsikira kumtsinje. Sarnai anadutsapo kuyambira ali mwana, koma sanatsogolerepo. Nthawi zonse ankakhala wachiwiri, ndipo akafika pamenepo bambo ake ankabweza kavalo wawo pang'ono n'kuyenda naye bondo kukhudza bondo, iwo ali mbali ya kuphompho. Zinkamukwana. Munthu wamkulu ndithu, kumamutchinga ngati mwana! Ulendo wawo womaliza anawakalipira. Iwo anangoseka, nati, "Si ine, mwanawe. Kavaloyu ndiye amakonda mbali ino."

Alendo anafika pa minibasi, banja limodzi la m'tauni, phokoso ngati la pamsika. Panali mayi wina wachikulire, mayi Tsermaa, amene ana awo anawakakamiza kubwera. Kuwakweza kokha inali ntchito ya anthu awiri.

"Mwanangu, kavaloyu sathamanga eti? Ine ndinakwera komaliza ndili mtsikana."

"Ameneyu ngakhale mumukwapule sathamanga, amayi. Ingogwirani zingwe, osayang'ana pansi."

Sarnai anakwera kavalo wake wotuwa, wamng'ono, wosazolowera kutsogolo. Pochoka anacheuka. Wofiirira uja anali atamasulidwa, akudya udzu, osadzutsa ngakhale mutu. Mtima unamuwawa. Naye kavaloyo wamutaya, ndiye kuti.

M'mitengo munayendeka bwino. Achinyamata ankajambulana, akuseka, koma Sarnai sankamva n'komwe. Ankangoona makutu a wotuwa akutembenukatembenuka, kufunafuna mnzake amene ankayenera kukhala patsogolo. Nthawi ndi nthawi foni inkalira kumbuyo kwenikweni, m'thumba mwa Temuulen.

Atafika pathanthwe paja, wotuwa anaima.

"Chu!" anatero Sarnai, akumugunda ndi zidendene. "Chu, iwe!"

Kavalo anakana. Anayang'ana kuphompho, nayamba kubwerera chafutambuyo. Akavalo amene anali pambuyo pake anapanikizana, wina kuluma mnzake, ndipo phokoso la achinyamata lija linazima. Kavalo wa mayi Tsermaa anapotoloka, miyendo yakumbuyo kulunjika m'mphepete. Timiyala tinagumuka n'kutsikira kumtsinje.

"Mayo! Nditsitseni! Ndikugwa ine!"

"Musakoke zingwe, amayi! Musakoke!"

Mawu a Sarnai anatuluka opyapyala, onjenjemera, ndipo akavalo onse anawamva kuti ndi a munthu wamantha. Kutsika sakanatha, kutembenuka malo panalibe. M'maganizo anaiona lole itaima pakhomo, chihema chitapasulidwa, amayi ake atakhala pawindo la nyumba yosanja akuyang'ana magalimoto.

Kenako anamva ziboda zikubwera mosafulumira, mbali imene palibe mlendo angayerekeze kudutsa. Wofiirira uja anali atawatsatira. Anadutsa mzere wonse m'mphepete mwenimweni, wopanda chishalo, nsalu yabuluu ikuuluzika m'khosi. Sanapite kutsogolo. Atafika pamene panali Sarnai anachepetsa liwiro, nayandikira mpaka nthiti zake zinakhudza bondo la mtsikanayo, iye ali mbali ya kuphompho.

Wotuwa anapumira m'mwamba, naponya mwendo. Mzere wonse unayamba kuyenda.

Sarnai sankaona bwino njira chifukwa cha misozi. Anatambasula dzanja n'kuliika pamsana wopanda munthuwo. Panali pofunda. Zaka zonsezi ankayesa kuti bambo ake sankamukhulupirira. Koma kavalo sabadwa wokonda phompho. Bambo akewo ndiwo anamuyendetsa m'mphepete muja tsiku ndi tsiku, mpaka nyama inazolowera kuti malo ake ndi amenewo.

Njira isanatambasuke anacheuka kuti aone mayi Tsermaa. Anali akadali pachishalo, maso atatsinzina, milomo ikuyenda. Pambali pawo, mbali ya kuphompho, panali Temuulen ali pakavalo wake. Nkhope yake inali itachita kutuwa ndi mantha, nsapato imodzi itavuka kalekale, koma dzanja lake linali litagwira chingwe cha kavalo wa mayiwo.

Sarnai anapukuta mphuno ndi mkono.

"Achimwene," anaitana, "mukuwatchinga alendo. Sakuona mtsinje."

Temuulen sanamuyang'ane.

"Si ine," anatero. "Kavaloyu ndiye wakonda mbali ino."

Foni inayambanso kulira m'thumba mwake. Inalira mpaka inatopa yokha, iye osasiya chingwe.