Kabati ya Mkamwini

Lorenso, kalipentala wa sitima za pa Shire, adakwatira Evelesi kwa Maseya nakhala mkamwini. Kwawo ku Sena mkazi ndiye amatsata mwamuna, choncho mtima wake unali pa ulendo.

Evelesi atapempha poika mbale ndi ufa, Lorenso adakana kukhoma matabwa pakhoma la nyumba yophikira.

"Cha pakhoma n'cha eni khoma," adatero. "Ndipanga kabati yoima payokha, tsiku lopita kwathu tidzangoisenza."

"Chabwino, bambo a Tomasi. Koma pangirani m'kati momwemo, panja dzuwa lipinda matabwa. Muyeso wake ndi uwu." Evelesi adatambasula manja onse awiri.

Lorenso adapala mlombwa, naulumikiza ndi zikhomo zosazuka. Miyendo adaiika m'zitini zamadzi kuopa nyerere.

Atakolola mapira, adabwereka bwato la ulendo. Kabati idakana kutuluka pakhomo. Adaipendeketsa, adaigoneka, koma ayi ndithu.

"Tigumule khomali!"

"Ndi la amayi limenelo," adayankha Evelesi akupeta. "Kawapempheni nokha."

Mkamwini kukaima maso ndi maso ndi apongozi aakazi, amene amawathawa ngakhale panjira? Lorenso adaimikanso kabati pamalo pake, nathiranso madzi m'zitini.