Mbale Imene Amayi Anasiya Yosawotcha

Amayi atamwalira anasiya mbale imodzi yosawotcha pa shelefu ya m'chipinda choumbira. Inali yaikulu, yophwatalala, ndipo kukamwa kwake anadindako zigoba za nkhono zimene ankatola m'mphepete mwa nyanja ali mtsikana. Kuumba ndinaphunzira kwa iwo, komabe mbale imeneyo ndinakhala zaka ziwiri osaikhudza. Mu uvuni mumachitika zambiri, ndipo ina yoteroyo kunalibenso.

Tsiku lina bambo anafika nkuima pakhomo.

"Iwe, mbale ya amayi ako ija udzaiwotcha liti? Ukudikira kuti nanenso nditsikire kuli chete?"

"Nanga ikasweka, bambo?"

"Ikasweka tidzadziwa kuti yasweka. Panopa likudyeramo ndi fumbi."

Ndinachita monga ankachitira amayi. Ndinaikulunga ndi ndere zouma za kunyanja, nkuwaza mchere wokhakhala, kenako nkuitsekera mumphika waukulu wadongo wokhala ndi chivundikiro. Ukatero utsi wa ndere ndi mchere suthawa, umalowerera m'mbale nkusiyamo mitundu. Malo otsala mu uvunimo ndinaikamo mitsuko itatu youmba ndekha.

Moto ndinayatsa m'mawa, ndikuwonjezera nkhuni pang'onopang'ono. Bambo anakhala pampando pafupi, akundiuza kuti ndikuwononga nkhuni. Dzuwa lisanafike pamutu tinangomva kuti phu! m'kati mwa uvuni.

"Chimenecho nchiyani?" anafunsa bambo.

"China chake chaphulika."

"Tsegula tione."

"Sizingatheke. Ndikatsegula pano mulowa mphepo yozizira, zonse zing'aluka."

Ndinapitiriza kusonkha moto mpaka madzulo. Kenako panatsala kudikira masiku awiri kuti uvuni uzizire. Masiku onsewo bambo ankabwera. Ankakamba za bondo lawo ndi za denga lodontha, koma za mbale osatchula ngakhale kamodzi. Ine ndinkangosesa malo osesa kale.

Tsiku lachitatu ndinagumula njerwa za pakhomo pa uvuni. Choyamba kuona chinali mapale ali mbwee paliponse, ena ali pamwamba pa chivundikiro cha mphika uja. Ndinatola limodzi nkulitembenuza. Linali khosi la mtsuko wanga.

Mphikawo ndinautulutsa nkuuika pansi, koma kuvundukula ndinalephera. Bambo anawerama movutikira nkuchotsa okha chivundikirocho. Anauzira phulusa kuti lichoke.

Mbale inali yathunthu. M'kati mwake munali mtundu wa mchenga wonyowa, kwina kofiirira, ndipo pamene panagona ndere panatsala mizere yakuda yokhotakhota ngati imene madzi amasiya akabwerera. Bambo anaigogoda ndi chala, inalira kuti ngwee, osasasa mawu.

Ndinangokhala pansi pomwepo paphulusa.

"Ndiye wophulika uja ndi wako?" anatero bambo, akuseka mpaka kutsokomola. "Amayi ako ankanena kuti iwe umakanda dongo ngati pali wina akukuthamangitsa."

Nanenso ndinaseka, misozi ikutsika. Iwo anayang'ana kumbali kwa kanthawi, akupukuta mphuno.

"Dzuka, mwanawe, ungadetse chovala. Katunge madzi tiitsuke. Ndipo uone ngati m'nyumbamu muli chakudya, ine kuyambira dzana sindikudya bwino."